Khosi Likathyoka, Kodi Dzanja Lingaumbenso Nsima?

Kudya nsima ndi ntchito ya zala zisanu, ngakhale palibe amene amaiwerengera ngati ntchito. Munthu amatema mbamu, n'kuiumba m'chikhatho, chala chachikulu n'kuboola kadzenje, kenako n'kususa mu msuzi wa matemba a m'nyanja ya Chilwa. Chigongono chimapinda, mbamu ija n'kufika pakamwa. Zonsezi zimatha m'kamphindi, uku mwini wake akudandaula za mtengo wa feteleza.

Munthu akathyoka khosi, kamphindi kameneka kamasowa. Mutu ukuganiza bwinobwino, pakamwa pakulankhula, njala ikumveka, koma mbale ili pamiyendo ndipo zala sizikumvera. Ambiri amaganiza kuti munthu wotere amalakalaka kuyendanso kuposa china chilichonse. Kafukufuku amene Kim Anderson anachita ku America m'chaka cha 2004, pofunsa anthu 681 ovulala msana, anapeza zina: mwa amene anafa ziwalo manja ndi miyendo yomwe, pafupifupi theka anati choyamba akufuna manja awo. Dzanja ndilo limadyetsa, limasambitsa, limapalasa njinga ya olumala, limadina foni polandira ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo limachotsa manyazi odikira wina kuti akuthandize kuchimbudzi.

Mankhwala olumikizanso msana woduka sanapezeke. Chimene madokotala apeza ndi njira zolambalala pamalo povulalapo: kusamutsa zingwe za minofu, kusamutsa mitsempha ya uthenga, ndi kudzutsa minofu ndi magetsi. Funso lofunika kwa munthu wa ku Mecanhelas, boma la kumwera kwa Niassa lomwe lili m'malire ndi Malawi, n'lakuti mwa njira zimenezi, yomwe ingamufike ndi iti, ndipo iye ndi abale ake ayenera kuchita chiyani kuti mwayi usamuphonye.

Dzina limodzi, zinthu zitatu

Chichewa chimatcha zinthu zitatu zosiyana ndi dzina limodzi lakuti mtsempha, choncho ndi bwino kuzisiyanitsa pachiyambi. Pali mitsempha ya magazi, imene namwino amaifufuza poika diripi. Pali mitsempha ya uthenga, yoyera ngati ulusi, imene imanyamula malamulo kuchokera ku ubongo kupita ku minofu, n'kubweza zimene khungu lamva. Palinso zingwe zolimba zomangirira mnofu ku fupa, zimene madokotala amati tendon. Amene anasewerapo ndi phazi la nkhuku ali mwana amazidziwa: ukakoka kachingwe koyera kaja, zala za nkhuku zimafumbata, ukasiya zimatambasuka. Zala za munthu zimayendanso chimodzimodzi. Minofu yake yambiri ili pamkono, ndipo imakoka zala patali kudzera m'zingwe.

Uthenga wa ubongo umatsika kudzera mu mtsempha umodzi waukulu, wofewa, wonenepa ngati chala chaching'ono, umene umadutsa mkati mwa mafupa a msana. Wosenda mbuzi amauona akadula fupa la msana. Pakhosi pali mafupa 7, ndipo mbali iliyonse kumatuluka mitsempha 8, imene imatchedwa C1 mpaka C8. Uliwonse uli ndi gawo lake. Kupuma kumadalira C3, C4 ndi C5. C5 imakwezanso phewa ndi kupinda chigongono. C6 imadzutsa dzanja pa mfundo yake, paja timavala wotchi. C7 imawongola chigongono, C8 imafumbatitsa zala, ndipo T1, woyamba wa pachifuwa, umayendetsa timinofu ta m'chikhatho.

Njanji yochokera ku Nacala, yodutsa ku Cuamba ndi ku Entre Lagos n'kulowa m'Malawi pa Nayuchi, ingatithandize kumvetsa. Mlatho ukagumuka pakati, masiteshoni a m'mbuyo amalandirabe sitima. A kutsogolo salandira, ngakhale njanji zawo zili zabwinobwino. Ndipo siteshoni ya pamlatho penipenipo imawonongekeratu. Thupi la wovulala khosi lili ndi magawo atatu otero. Minofu ya pamwamba pa chilonda imamvera mwini wake. Ya pansi pa chilonda siimva za ubongo, koma mitsempha yake ikadali yamoyo. N'chifukwa chake miyendo ya wodwala imanjenjemera kapena kukungika yokha, ndipo ukaipatsa magetsi imakoka ngakhale patapita zaka. Minofu ya pachilonda penipeni ndiyo ili pangozi yaikulu, chifukwa mtsempha wake wafa. Mnofu wotere umafota, ndipo pakatha miyezi 12 mpaka 18 sungadzukenso ngakhale utapatsidwa mtsempha watsopano.

Kuvulala kwina kumaduliratu uthenga wonse, kwina kumasiya njira yaing'ono. Amene watsala ndi njira yaing'onoyo amatha kuchira kwambiri payekha. Kuchira kwachilengedwe kumachitika makamaka m'miyezi 6 mpaka 9 yoyamba, kenako kumazilala.

Ulendo wochokera pamalo a ngozi

Bungwe la WHO limati anthu oposa 15 miliyoni padziko lonse akukhala ndi vuto lovulala mtsempha waukulu wa msana, ambiri chifukwa cha ngozi za pamsewu, kugwa ndi ndewu. Kuno kumidzi zoyambitsa zake n'zodziwika: njinga yamoto ya kabaza yokwera anthu atatu pamsewu wamabampu, mnyamata wogwa mumtengo wa mango, mayi woterereka atasenza thumba la mpunga, wachinyamata wodumphira chamutu m'madzi osaya. Chifuwa chachikulu cholowa m'mafupa a msana chimathanso kufinya mtsempha waukuluwu pang'onopang'ono, popanda ngozi iliyonse.

Tsoka lina limabwera ngozi itachitika kale. Anthu achifundo amamudzutsa wovulalayo, kumukhazika pansi, kumugwedeza mutu kuti atsitsimuke, kenako kumukweza pa njinga yamoto pakati pa anthu awiri. Fupa lothyoka la pakhosi likamasuntha, limapweteka mtsempha umene unali utangofinyika. Choyenera n'kumugoneka chagada pa chitseko kapena thabwa, wina atagwira mutu ndi manja awiri kuti usatembenuke, n'kuika nsalu zopindapinda mbali zonse za khosi.

Kuchoka apo ulendo ndi wautali: chipatala cha ku Insaca, kenako Cuamba, kenako Lichinga kapena chipatala chachikulu cha ku Nampula. Ena a m'mphepete mwa malire amawolokera ku Malawi, komwe kuli zipatala za Zomba Central ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, komanso Kachere, malo ophunzitsira ovulala kugwiritsanso ntchito thupi. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Michael Fehlings wa ku Toronto, wofalitsidwa mu 2012, anasonyeza kuti amene achitidwa opaleshoni yomasula mtsempha wofinyika pasanathe maola 24 amachira bwino kuposa ochedwa. Kwa munthu wovulala m'dzinja kumudzi wa kufupi ndi nyanja ya Chiuta, misewu ili matope okhaokha, maola 24 amenewo amathera m'njira.

Matenda amene kale sankachizidwa

Zolemba za madokotala a ku Iguputo za zaka zoposa 3,500 zapitazo, zodziwika ndi dzina la Edwin Smith, zinafotokoza kale za munthu wothyoka khosi amene manja ndi miyendo sizikugwira, n'kugamula kuti ameneyu sangachiritsidwe. Chigamulochi chinakhala zaka zikwi zambiri. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, asilikali pafupifupi 8 mwa 10 ovulala msana ankafa pasanapite nthawi, ambiri chifukwa cha zilonda za pabedi ndi matenda a m'njira ya mkodzo.

Zinthu zinasintha mu 1944 pamene Ludwig Guttmann anatsegula gawo la ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England. Analibe mankhwala odabwitsa. Ankaonetsetsa kuti wodwala akutembenuzidwa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, mkodzo ukuchotsedwa mwaukhondo, ndipo thupi likuchita masewero. Odwala atayamba kukhala ndi moyo zaka zambiri, m'pamene funso la manja linabuka.

Luso losamutsa zingwe za minofu linalipo kale, koma linkagwira ntchito pa matenda ena. Poliyo inaphunzitsa madokotala zambiri. Khate linawaphunzitsanso: kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Paul Brand, pa chipatala cha Vellore ku India, anayamba kuwongola zala zopindika za odwala khate posamutsa zingwe za minofu yamoyo. Khate likupezekabe kumpoto kwa Mozambique, Niassa yomwe, ndipo zala zake zokhota ngati za kabawi si zachilendo kwa akuluakulu a m'derali. Amene anatsimikizira dziko kuti luso lomweli lingathandize othyoka khosi ndi Erik Moberg wa ku Gothenburg, Sweden, amene anafalitsa zotsatira zake mu 1975. Anzake monga Eduardo Zancolli wa ku Argentina, Alvin Freehafer wa ku Cleveland ndi Douglas Lamb wa ku Edinburgh anawonjezera njira zawo, ndipo msonkhano woyamba wa akatswiri a ntchitoyi unachitikira ku Edinburgh mu 1978.

Kubwereka mnofu kwa amene ali ndi yambiri

Mfundo ya opaleshoni yosamutsa zingwe za minofu ndi ya kumudzi ndithu: banja limene lili ndi ng'ombe zitatu zokoka ngolo imodzi lingabwereketse imodzi kwa mnansi amene alibe. Chigongono chimapindidwa ndi minofu itatu. Munthu wovulala pa C6 amakhala nayo yonse itatu, pamene chala chake chachikulu chilibe choikoka. Dokotala amamasula chingwe cha umodzi mwa itatuyo, wotchedwa brachioradialis, n'kuchisokerera ku chingwe chopinda chala chachikulu. Akachira, wodwalayo amatha kupana chinthu pakati pa chala chachikulu ndi m'mbali mwa chala cha mkombaphala, monga timagwirira kiyi. Kagwiridwe kameneka kamaoneka kochepa, koma n'kokwanira kugwira supuni, bolopeni, mswachi, foni ndi kapaipi kochotsera mkodzo. Mphamvu yake imakhala pafupifupi makilogalamu 2.

Minofu yodzutsa dzanja pa mfundo ilinso iwiri mwa odwala ena, ndipo umodzi ungatumizidwe kukafumbatitsa zala zinayi. Moberg ankalimbikitsanso kubwezeretsa mphamvu yowongola chigongono, potenga mbali ya kumbuyo ya mnofu wa paphewa n'kuilumikiza ku chingwe cha kumbuyo kwa mkono. Wosadziwa angaone ngati kuwongola chigongono n'kosafunika. Koma amene sangathe kutero, akagona chagada n'kukweza mkono, dzanja limamugwera kumaso. Sangadzikankhe kuchoka pabedi, sangapalase njinga yake pachitunda, sangatenge kapu pa alumali.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti ilibe malire a nthawi. Imatheka ngakhale patapita zaka 10 kapena 20, bola mfundo za zala zisaume. Zotsatira zimaoneka m'masabata kapena miyezi yochepa. Siifuna makina a mamiliyoni: mpeni, ulusi wosokera wolimba, chikhakha ndi dokotala wodziwa bwino kapangidwe ka mkono. Kuvuta kwake kuli pambuyo. Kale wodwala ankakhala mwezi kapena kuposerapo mkono uli m'chikhakha, wosatha kuchita ngakhale zochepa zimene ankatha, ndipo ambiri ankaopa zimenezi. Gulu la Jan Fridén, amene anagwira ntchito ku Gothenburg kenako ku Nottwil ku Switzerland, linasonyeza kuti msoko ukakhala wolimba mafizo angayambe tsiku lotsatira. Ubongo nawo umayenera kuphunzira kuti mnofu umene unkapinda chigongono tsopano ndi wa chala, ndipo izi zimafuna mphunzitsi wa mafizo woleza mtima.

Kusamutsa uthenga m'malo mwa mnofu

Njira yachiwiri ndi yatsopano. M'malo mosuntha mnofu, dokotala amadula kamtsempha ka uthenga kamene kakumverabe ubongo, kochokera pamwamba pa chilonda, n'kukasokerera ku mtsempha wa mnofu wakufa. Timaulusi ta uthenga timamera kulowa m'njira yatsopanoyo, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Ndiye kuti mtunda wa masentimita 20 umafuna miyezi 6 kapena 7 mnofu usanayambe n'kugwedera komwe, ndipo mphamvu imapitiriza kukula mpaka zaka ziwiri.

Luso limeneli linakula pothandiza ovulala mitsempha ya pakati pa khosi ndi phewa, vuto lofala mwa ogwa pa njinga zamoto, limene limasiya mkono umodzi uli lendelende. Christophe Oberlin wa ku Paris anafotokoza njira yake yotchuka mu 1994. Jayme Bertelli wa ku Brazil anaitengera kwa ovulala msana: kutembenuza chikhatho kuti chiyang'ane kumwamba kumachitidwa ndi minofu iwiri, choncho mtsempha wa umodzi, supinator, ungatumizidwe kukatambasula zala. Mu 2012 gulu la Susan Mackinnon ku St Louis linalengeza za bambo wa zaka 71 amene anayambanso kupana zinthu ndi zala atasamutsidwa mtsempha wa mnofu umodzi wopinda chigongono.

Umboni wodziwika kwambiri unachokera ku Melbourne, Australia, mu 2019, m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Natasha van Zyl ndi anzake anachita maopaleshoni 59 osamutsa mitsempha pa mikono 27 ya anthu 16, onse asanathe miyezi 18 chivulalireni. Anthu 13 anatsatiridwa mpaka zaka ziwiri, ndipo ambiri ankatha kutambasula mkono, kutsegula dzanja, kugwira zinthu ndi kudzidyetsa. Maopaleshoni 4 sanaphule kanthu. Chosangalatsa n'chakuti odwala amene dzanja lina linasamutsidwa mitsempha, lina zingwe za minofu, ankakonda manja onse awiri pa zifukwa zosiyana: la mitsempha linali lofewa ndi laluso pa tinthu ting'onoting'ono, la zingwe linali lamphamvu ponyamula zolemera.

Apa m'pamene magawo atatu a njanji aja amagwira ntchito. Ngati mnofu wolandira uli pachilonda penipeni, opaleshoni iyenera kuchitika chaka chisanathe, makamaka pakati pa miyezi 6 ndi 12. Ngati uli pansi pa chilonda, ungadikire. Dokotala amasiyanitsa pougunda ndi magetsi ochepa pakhungu: ukakoka, mtsempha wake ndi wamoyo.

Magetsi ndi malonjezo ake

Uthenga wa m'thupi ndi magetsi ndithu, ochepetsetsa. Luigi Galvani wa ku Italy anafalitsa mu 1791 zoti mwendo wa chule wakufa umakoka ukagundidwa ndi magetsi. Ngati minofu ya pansi pa chilonda ikadali ndi mitsempha yamoyo, makina angaipatse lamulo limene ubongo ukulephera kutumiza.

Hunter Peckham ndi anzake a pa yunivesite ya Case Western Reserve ku Cleveland anapanga chipangizo chotchedwa Freehand. Kabokosi kakang'ono kankaikidwa pansi pa khungu la pachifuwa, mawaya 8 n'kutsika mpaka ku minofu ya mkono ndi dzanja, ndipo wodwala ankatsegula kapena kutseka dzanja posuntha phewa la mbali inayo. Munthu woyamba anaikidwa mu 1986, boma la America linachivomereza mu 1997, ndipo anthu oposa 200 anachilandira. Chinkagwira ntchito bwino. Koma mu 2001 kampani ya NeuroControl inasiya kuchigulitsa chifukwa msika unali wochepa, ndipo anthu anatsala ndi mawaya m'thupi, zokonzera zikusowa. Phunziro limeneli ndi lowawa, ndipo aliyense wolota zobweretsa makina oterewa ku Niassa ayenera kuyamba walilingalira.

Kenako kunabwera zolumikiza ubongo ndi kompyuta. Ian Burkhart, amene anathyoka khosi mu 2010 podumphira m'nyanja, anaikidwa kachipangizo mu ubongo mu 2014 ku Ohio. Akaganiza zofumbata, kompyuta inkawerenga ganizolo n'kutumiza magetsi ku lamba wa pamkono, ndipo ankatha kunyamula botolo n'kuthira zam'katimo m'kapu. Mu 2017 gulu la Bolu Ajiboye ku Cleveland linaonetsa Bill Kochevar, amene anavulala pa ngozi ya njinga yakapalasa, akudzidyetsa mbatatesi yophwanya ndi mkono wake umene unakhala zaka 8 usakuyenda. Zithunzi zake zinazungulira dziko. Zimene sizinkanenedwa kwambiri n'zakuti zonsezi zinkachitikira m'chipinda cha kafukufuku, mutu utalumikizidwa ku makina, akatswiri ali pambali. Kachipangizo ka Burkhart kanachotsedwa mu 2021.

Njira imene yatchuka posachedwapa siifuna opaleshoni. Timapepala tomata timaikidwa kumbuyo kwa khosi, n'kumapereka magetsi ku mtsempha waukulu pamene wodwala akuchita mafizo a manja. Magetsiwo sakoka minofu mwachindunji, koma amachititsa mtsempha kukhala tcheru, kuti uthenga wofooka umene ukudutsabe pachilonda umveke. Pa kafukufuku wotchedwa Up-LIFT, wofalitsidwa mu 2024 m'magazini ya Nature Medicine, anthu 60 anamaliza, ndipo 72 mwa 100 alionse anawonjezera mphamvu ndi luso la manja. Chipangizocho, ARC-EX cha kampani ya Onward Medical, chinavomerezedwa ku America mu Disembala chaka chomwecho.

Pamene akatswiri sakugwirizana

Mkangano woyamba ndi wa nthawi. Osamutsa mitsempha amati fulumirani mnofu usanafote. Ena amati kudula mtsempha wamoyo pa miyezi 6 n'kuthamanga, chifukwa wodwala akanatha kuchira yekha, ndipo mnofu umene walandidwa mtsempha sungagwiritsidwenso ntchito posamutsa chingwe. Palibe chida chimene chimalosera molondola kuti uyu achira mpaka pati. Zipatala zambiri tsopano zimaphatikiza njira ziwirizi pa munthu mmodzi.

Wachiwiri ndi wa umboni wa magetsi a pakhosi. Pa kafukufuku wa Up-LIFT panalibe gulu lopatsidwa magetsi abodza lofanizira nalo. Aliyense anayamba ndi mafizo okha miyezi iwiri, kenako mafizo ndi magetsi miyezi ina iwiri. Otsutsa amafunsa kuti gawo la magetsi ndi liti, nanga la mafizo owonjezera ndi chiyembekezo ndi liti. Komanso onse amene anayesedwa anali ndi kuvulala kosadula uthenga wonse. Kunena kuti makinawa "amachiza kufa ziwalo", monga mitu ina ya nkhani za pa Facebook imanenera, n'kunamiza odwala.

Wachitatu ndi wodabwitsa. Ngakhale kumayiko olemera, opaleshoni ya manja imene yakhalapo zaka 50 imachitidwa kwa ochepa. Catherine Curtin ndi anzake anayerekeza mu 2005 kuti ku America ndi anthu pafupifupi 14 mwa 100 oyenerera amene amailandira. Zifukwa zake si ndalama zokha: madokotala osamalira odwala tsiku ndi tsiku ambiri sakhulupirira zotsatira zake kapena sadziwa kotumiza, ndipo odwala ena amakana poyembekeza kuti mankhwala ochiziratu ali pafupi.

Zimene zili m'manja mwa gadiyani

Munthu woganiza mofatsa angaone kuti mwa njira zonsezi, yoyandikira Mecanhelas ndi yakale ija ya zingwe za minofu. Siifuna magetsi a kampani ya EDM kapena sola kuti dzanja ligwire, ilibe batire lotha, ndipo imadikira wodwala amene wafika mochedwa. Chigawo chino chili ndi mbiri yophunzitsa luso la opaleshoni kwa anthu amene si madokotala a digiri: Mozambique inayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia mu 1984, Malawi inayamba kuphunzitsa makiliniko ofesala a mafupa mu 1985 pansi pa Ed Blair, ndipo mayiko onse awiri ali m'bungwe la COSECSA lophunzitsa madokotala a opaleshoni. Ku Blantyre kuli chipatala cha mafupa cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002, ndipo ku Lilongwe kuli LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo. Opaleshoni ya dzanja la wothyoka khosi imafunabe katswiri, chifukwa kulakwitsa kumalanda wodwala mphamvu yochepa imene anatsala nayo. Koma mpata pakati pa zimene zilipo ndi zimene zikufunika si waukulu ngati wa makina a mu ubongo.

Komabe palibe dokotala angachite opaleshoni pa munthu amene ali ndi chilonda chonunkha pamatako kapena zala zouma ngati nkhuni. Choncho mbali yaikulu ya ntchito ili kwa gadiyani, amene nthawi zambiri amakhala mayi, mkazi kapena mlongo wa wodwalayo. Kumutembenuza maola awiri aliwonse, kuyang'ana khungu la pamatako, m'chiuno ndi pazidendene m'mawa ndi madzulo, kusamugoneka pamphasa youma popanda chofewa, kumumwetsa madzi okwanira, kuyendetsa phewa, chigongono ndi mfundo ya dzanja tsiku lililonse: izi ndi zomwe zija za Guttmann. Wovulala khosi akadandaula mutu woopsa mwadzidzidzi, nkhope itafiira ndi thukuta, kawirikawiri magazi athamanga chifukwa chikhodzodzo chadzadza kapena kapaipi katsekeka. Ayenera kukhazikidwa tsonga msanga, zovala zothina zimasulidwe, mkodzo utuluke.

Pali chinthu chimodzi chimene chikondi chimawononga. Aliyense angachiyese: gwetsani dzanja pa mfundo, zala zimatambasuka zokha; lidzutseni, zala zimapinda ndipo chala chachikulu chimakhudza cha mkombaphala. Ndi phazi la nkhuku lija. Munthu wa C6, amene zala zake zilibe mphamvu ngakhale pang'ono, amatha kutola chikho chopepuka kapena mbatata yootcha pongodzutsa dzanja, ngati zingwe zopinda zala zafupika pang'ono. Abale akaona zala zikupinda amachita mantha, n'kumaziwongola mwamphamvu tsiku ndi tsiku, ena mpaka kuzimangirira pa kathabwa. Zingwe zikatalika, kagwiridwe kachilengedwe kaja kamatha. Lamulo la aphunzitsi a mafizo n'lakuti zala ziwongoledwe pokhapokha dzanja litagwetsedwa pa mfundo, ndipo wodwala akamatsamira pabedi ndi chikhatho, zala zikhale zopinda.

Zida zothandiza sizichita kuchokera ku Maputo. Kalamba kozungulira chikhatho kokhala ndi kathumba kolowetsa supuni, mswachi kapena bolopeni, telala aliyense wa pamsika wa Insaca angakasoke ndi nsalu ya jinzi. Chogwirira supuni chimanenepetsedwa pochikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Kapu ya pulasitiki ya chogwirira chachikulu imalola dzanja lonse kulowa. Nsima ikaumbidwiratu timbamu ting'onoting'ono, wodwala amaitola ndi supuni ya pa lamba uja, n'kudya pamodzi ndi anzake m'malo modyetsedwa payekha.

Wotuluka m'chipatala asachoke asanafunse zinthu zitatu ndi kuzilembetsa m'buku lake la chipatala: kuti wavulala pa C chiyani, ngati uthenga waduka wonse kapena ayi, ndi tsiku lenileni la ngozi. Pakatha miyezi 6 apite akapimidwenso mphamvu ya mnofu uliwonse wa mkono, chifukwa miyezi 12 ya mitsempha ija imawerengedwa kuyambira tsiku limene anagwa.